Mayi Lumsden ndi Khanda la kwa Mulgrew

Williamina Lumsden, amene anthu a m'tauni ya padoko ya Leith ankangomutcha Mina, anasunga makiyi a holo ya chipani cha Aprotestanti chotchedwa Alonda kwa zaka zinayi. Ankasesa, kukolopa, kusonkha moto, kuyala mipando ndi kuphika tiyi pamisonkhano. Malipiro ake anali kachipinda ka kuseri kwa holoyo, momwe munali bedi, tebulo, kambaula, ndi zenera loyang'ana kubwalo loyanikira zovala. Anali wamasiye wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Asanapeze kachipindako anagona miyezi itatu pansi m'khitchini mwa mlamu wake, ndipo ankadziwa kumene amathera amayi a msinkhu wake akasowa pogona: kunyumba ya amphawi kumtunda kuja, kumene amakulanda zovala pakhomo n'kukuveka zofanana ndi za anzako.

Bambo ake ankapota zingwe za sitima. Dzina lakuti Williamina anamupatsa pokumbukira Mfumu William, imene kalekale inagonjetsa mfumu yachikatolika, ndipo ku Leith dzina lotere linkangonena lokha mbali imene banja lili. Mwamuna wake, Dod, ankasenza malasha padoko mpaka nkhondo yaikulu inamutenga osamubweza. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Sandy, anaima pachipata cha doko m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri kudikira kuti kapitawo amuloze chala. Atatopa anakwera sitima ya ku Canada.

Loweruka lotsatira Mina anaima pamphambano kumvera munthu wina akulalika ali pangolo. Dziko lino, munthuyo anatero, makolo athu analigula ndi magazi kuti aliyense aziwerenga yekha Baibulo popanda wansembe kuima pakati pa iye ndi Mulungu. Mkatolika ali ndi mfumu yake ku Roma, ndiye angakhale bwanji m'khonsolo ya mzinda uno mtima wake uli kwina? Msonkho wathu ukumanga sukulu zawo. Akubwera kuchokera ku Ailandi odzaza sitima, kulola malipiro alionse, ana athu n'kumathawira ku Canada. Atatchula Canada, Mina anamva ngati aitanidwa ndi dzina. Analowa chipani tsiku lomwelo. Za kachipinda zinabwera pambuyo, ndipo iye ankafuna kuti anthu azidziwa zimenezo.

Alonda anali ndi mwambo wawo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse mlembi wa chipani, a Gowans a pabutchala, ankaitana mayina. Baibulo linkayenda mzere ndi mzere. Woitanidwa ankaimirira, kuligwira, n'kunena kuti, "Manja anga ndi oyera." Ankatanthauza kuti mwezi wonsewo sanagule kwa Mkatolika, sanamulembe ntchito, sanalowe m'tchalitchi mwawo, sanakhudze mwambo wawo uliwonse. Ambiri ankanena mothamanga, maso ali pa tiyi. Mina ankanena pang'onopang'ono, atayamba waunguza mwezi wonse mumtima ngati munthu wofufuza m'matumba a chovala asanachichape.

Analinso mzamba. Sanaphunzire kusukulu, anangotengera kwa amayi ake, koma ana ambiri a m'misewu imeneyo anafikira m'manja mwake. Akatolika anali ndi mzamba wawo, Mayi Coyle, ndipo aliyense ankadziwa malire ake.

Lachinayi lina mu Juni 1935, cha m'ma teni koloko m'mawa, Mina ankayanika nsalu za pamatebulo. Bwalolo linagawidwa ndi kakhoma kofika m'chiuno, ndipo kutsidya kwake kunali nyumba zosanja zokhala Akatolika ambiri. Zenera lina la pansi linatseguka.

"Mayi Lumsden! Amayi! Ndithandizeni, ndikufa ine!"

Anali Roseann Mulgrew, mkazi wa Dinny wonyamula katundu padoko. Chaka chonse sanayankhulanepo kuposa kugwedezerana mutu.

"Itanani Mayi Coyle."

"Apita kumaliro ku Glasgow. Dinny ali kudoko. Matenda andiyamba masiku asanakwane, amayi, ndili ndekha!"

Mina anayang'ana mazenera onse a m'mwamba. Anadziuza kuti kuchiritsa mayi sikuli m'lumbiro. Anasiya nsalu m'beseni nadumpha kakhoma kaja.

Mwana anabadwa dzuwa lili pamutu, wamkazi, wochepa ngati botolo la mkaka, wobiriwira milomo. Sanalire. Mina anamupukuta, anamutikita pamsana, anamuuzira mpweya m'kamwa. Kachifuwa kanayamba kukwera ndi kutsika, koma movutikira, kuima, kuyambanso. Mina anaonapo ana otere ambiri, ndipo Roseann anawerenga zonse pankhope pake.

"Mubatizeni."

"Ine? Mutu ukuyenda bwino, mwana iwe? Ndine wa Alonda ine."

"Aliyense akhoza, amayi, bola madzi ndi mawu ake. Ine sindingathe kudzuka. Bambo mfumu ali kutali. Akapita chonchi sakaona nkhope ya Mulungu."

"Bodza limenelo. Mulungu sadikira ketulo."

"Kwanu mwina. Chonde, amayi, ndagwira mwendo wanu."

Anaugwiradi, popeza Mina anaima pafupi ndi bedi. Khanda linaleka kupuma, linayambanso. Mina anatenga ketulo pambaula, anayesa madzi pachigongono, anali atazirala. Ndipo anafunsa funso limene linadzamuvutitsa masiku onse otsatira.

"Kwanu mumatani?"

"Thirani pamutu katatu, madzi ayende. Muyambe ndi dzina."

"Dzina lanji?"

"Lililonse, amayi, fulumirani!"

M'mutu mwa Mina munalibe dzina lina lililonse. Mayina onse a padziko anathawa, linatsala limodzi.

"Williamina, ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

Anakonza m'nyumbamo, anayala bulangeti m'dirowa ya kabati, anagoneka khandalo momwemo pansi pa zenera pofika dzuwa. Atamva nsapato za Dinny pamakwerero anatulukira kuseri.

Khandalo silinafe tsiku limenelo. Silinafenso mawa lake.

Kufika Lolemba loitana mayina kunatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. M'mawa uliwonse Mina ankasuzumira pazenera kuona chingwe cha kwa Mulgrew. Matewera akakhalapo mtima unkakhala pansi, kenaka mantha ankabwerera pamalo pake. Sanafunire mwanayo imfa. Koma ganizo linkabwera lokha, lakuti khanda likanapita likanapita ndi dzinalo kumanda, nkhani n'kuthera pomwepo. Likabwera ganizolo ankagwada pafupi ndi bedi kupempha chikhululukiro, kenaka n'kukakolopa holo imene anaikolopa kale. Phala linayamba kumukanika. Makiyi ankawagwiragwira m'thumba la epuloni ngati wina akufuna kumutsomphola.

Sabata yachiwiri, akupaka batala pabuledi wa msonkhano wa amayi, mnzake Etta Baird anaika mpeni pansi.

"Iwe Mina, wamva za kuseri kwako? Kwa Mulgrew kwabadwa Williamina!"

Amayi enawo anaseka mpaka kugwira matebulo.

"Williamina Mulgrew! Papa akamva agwa pampando."

"Dinny anali atakhuta mowa popita kukalembetsa, basi."

"Kapena bambo ake enieni amaimba chitoliro m'bandi yathu," anatero Etta. "Tiwawerenge anyamata aja, tione amene akuyenda mokondwa. Wapeza mnzako wa dzina, Mina. Sukamugulira kachipewa?"

"Buledi akuuma uyo," anatero Mina.

"Taonani nkhope! Ngati wameza fupa la nsomba. Ukudwala?"

"Mutu chabe."

Tsiku lina akutola zovala anamva wina akumuitana monong'ona. Roseann anaima pakakhoma, atawonda, atafunda shawelo, mbale ya makeke ili m'manja.

"Ndakuphikirani, amayi."

"Sindingalandire. Bwererani anthu asanakuoneni."

"Akuyamwa tsopano. Ndinapita naye kwa bambo mfumu. Anandifunsa zonse, madzi anali otani, munathira pati, munanena chiyani. Akuti ubatizo wake ndi wokwanira, sabwerezanso. Ndipo dzina lanu alilemba m'buku."

"Buku lanji?"

"La maubatizo, ku parishi. Amalemba wobatizidwa ndi wobatiza. Akuti Mulungu akudalitseni."

Mina anasiya kutola zovala. Iye ankaganiza kuti madzi aja anauma pamutu pa khanda n'kutha. Sankadziwa kuti anthu awa amalemba. Dzina lake lonse, Williamina Lumsden, linali m'buku la Roma, ndi inki, m'dzanja la wansembe.

"Kawauzeni afufute."

"Sizifufutika, amayi. Nanga ndalakwa?"

Mina ananyamula beseni nalowa.

Lachisanu lomaliza a Gowans anabwera kuholo ndi mtolo wa timapepala ta chisankho, popeza ankapikisana nawo paukhansala mu Novembala. Anali munthu wamkulu thupi, wa manja ofiira, woseka msanga. Sanasiye mtolowo patebulo monga mwa masiku onse. Anagogoda pakachipinda, analowa, anakhala pampando umodzi wokhawo.

"Mwaikonza bwino nyumbayi, Mayi Lumsden. Pofunda ndithu."

"Ndikupangireni tiyi?"

"Ayi, khalani. Pamwamba paja pali mayi wina sachoka pazenera. Akuti mumadumpha khoma ngati mtsikana." Anaseka. "Musanjenjemere, sindinabwere ndi mpeni. Munambatiza mwana uja, eti?"

"Ankafa."

"Ndipo munamutcha Williamina. Mayi Lumsden, zaka zonse ndalalika pangolo sindinaganizepo nzeru yotere. Mayi wachiprotestanti alowa m'nyumba ya Roma, apeza khanda, alibatiza m'chikhulupiriro chathu wansembe asanamange nsapato, n'kulipatsa dzina la William! Lolemba mudzanene zimenezi mutagwira Baibulo. Loweruka mudzakwere nane pangolo. Tizisindikizanso patimapepala."

"Sizinayende choncho."

"Munanena mawu anji?"

"Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera."

"Abusa athu amanena ena?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye bodza lili pati?"

Mina anayang'ana pazenera. Matewera anayi anali pachingwe.

"Nanga a Mulgrew? Anyamata a bandi akamva adzapita kukaimba pakhomo pawo. Anzawo nawonso adzati anagulitsa mwana. Paja mwezi watha, titachoka pamphambano, mazenera a msewu wonse wa kumunsi anatha."

"Anyamata ndi anyamata. Ine sindinatumepo munthu kugenda." A Gowans anaimirira navala chipewa. "Komiti imafuna kuti m'kachipinda muno muzikhala munthu wodalirika. Ine nthawi zonse ndimawauza kuti ngati Mayi Lumsden palibenso. Tionana Lolemba."

Loweruka Mina anapukuta mazenera onse a holo. Lamulungu anapita kutchalitchi, ndipo pa ulaliki wonse sanatolepo liwu. Ankangoyesa nkhani ya a Gowans mumtima ngati munthu woyesa nsapato ya mwini. Mawu analidi omwewo. Madzi ndi madzi. Dzina anapereka yekha, palibe anamukakamiza. Akanangothira madzi aja osafunsa kanthu, bwenzi akunena kuti anabatiza monga akudziwira iye. Koma anafunsa. Kwanu mumatani? Amene anamva funsolo anali Roseann yekha, ndipo mawu a Roseann m'holo ya Alonda sakanalemera ngati nthenga. Palibe akanadziwa. Potuluka m'tchalitchi sanalunjike kwawo. Anakwera kumtunda, anadutsa pachipata cha nyumba ya amphawi, anaona amayi atandandalika pabenchi atavala madiresi otuwa ofanana. Mmodzi anamudziwa, anali mkazi wa mnzake wa Dod, ndipo anakweza dzanja. Mina anafulumiza mapazi.

Lolemba anayala mipando nthawi isanakwane. Msonkhano unayamba seveni koloko dzuwa likadali m'mwamba, anthu pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Anaimba salimo. A Gowans anatsegula kaundula.

"Baird, Henrietta."

"Manja anga ndi oyera," anatero Etta, uku akukonza chipewa.

Baibulo linayenda. Mina ankaliona likubwera, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atafika pa dzina lake a Gowans anatseka kaundula, chala chili m'kati.

"Abale ndi alongo, lero mlongo wathu ali ndi nkhani yokoma. Ena mwamvapo mphekesera. Imvani kwa mwini wake. Lumsden, Williamina."

Mina anaimirira. Baibulolo linali lolemera, chikuto chake chofunda ndi manja a anthu.

"Ndinabatiza khanda la kwa Mulgrew," anatero. "Ndinalitcha Williamina."

Kumbuyo wina anaimba mluzu, manja anayamba kuombedwa. A Gowans ankagwedeza mutu akumwetulira. Mina akanatha kukhala pansi pomwepo. Koma mawu anayi a lumbiro anali asananenedwe, ndipo dzanja lake linali pa Buku.

"Dikirani. Sindinalibatize mwa kwathu. Ndinafunsa mayi ake kuti kwanu mumatani, ndipo ndinachita zimene anandiuza. Wansembe wawo wavomereza, walemba m'buku mwawo, dzina langa lili pambali. Mwana uja ndi Mkatolika. Dzina ndinangosowa lina. Manja anga si oyera mwezi uno."

Mpando wina unakhuluka.

"Wa Papa!"

"Zaka zonsezi timamwa tiyi wa wansembe!"

"Mina, khala pansi," Etta ananong'ona, akumukoka siketi. "Wapenga? Ukagona kuti?"

A Gowans anamenya tebulo ndi chikhatho. Kumwetulira kunali kutachoka, koma sanakalipe.

"Mayi Lumsden anadzidzimuka, ndi munthu wamkulu. Mayi, nenani pamaso pa anthu kuti anakunyengani, kuti munalakwa ndipo simudzabwerezanso. Komiti iona chochita."

Mina anaunguza mumtima monga ankachitira mwezi uliwonse. Anthu anadikira.

"Zoti Roma ndi yosokera ndikukhulupirirabe, a Gowans. Zonse mumanena pangolo ndimavomereza. Ndikanakonda akanaitana wina. Koma sanandinyenge, ndipo akadzaitananso palibe wina, sindingalonjeze kuti ndidzatseka zenera. Madzi aja ndinathira ndine, sindingawaole."

Anapatsira Baibulo munthu wotsatira, koma munthuyo sanatambasule manja. Mina analiika pampando.

Anavota zomuchotsa pokweza manja. Dzanja la Etta linakwera pomalizira, linalekezera paphewa, koma a Gowans analiwerenga. Anamupatsa mpaka Loweruka kuti apereke makiyi. Nthawi ya tiyi itakwana Mina anapita kukhitchini mwa chizolowezi, ndipo Etta anamulanda ketulo osamuyang'ana.

Kunyumba ya amphawi sanapite. Masiku anayi anayenda khomo ndi khomo, ndipo Lachisanu anapeza malo pamwamba penipeni pa nyumba ina ya kumsewu wa owamba nsomba, chipinda chimodzi chogawana ndi gogo wina wogontha, amene ankafuna munthu womutungira madzi ndi kumukwezera malasha. Anakhala kumeneko zaka khumi ndi chimodzi, akuchapa zovala za m'sitima. Amayi a chipani anasiya kumupatsa moni pamsewu, ngakhale ena matenda akavuta ankamutumirabe uthenga kudzera kukhomo la kuseri. Pangolo nkhani ya khanda sinatchulidwe. Mu Novembala Mina anavala chipewa chake cha Lamulungu nakavotera a Gowans.

Loweruka losamukalo panalibe womuthandiza. Anamanga ziwiya m'nsalu, zofunda m'bulangeti. Akutulutsa mtolo woyamba anapeza Dinny Mulgrew ataima pamsewu ndi ngolo yokankha ya kudoko, chipewa chili m'manja.

"Ndamva, amayi. Ndabwereka iyi. Ndikunyamulireni."

"Zikomo, bambo Mulgrew. Sindingakulembeni ntchito."

"Ntchito yanji? Sindikufuna kanthu ine."

"Ndanena kuti zikomo."

Dinny anakanda m'mutu. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana ngolo, anaika mwala kutayala kuti isatsetsereke, napita.

Mtolo woyamba Mina anasenza pamsana mpaka kumsewu wa owamba nsomba. Wachiwirinso chimodzimodzi, akupumira pangodya iliyonse. Ngolo inali pomwepo. Kunatsala bedi lachitsulo limene anagula ndi Dod chaka chaukwati. Analimasula, anayesa kunyamula mbali imodzi, anafika nayo pakhomo basi. Anaima nthawi yaitali. Mumsewu munali akazi awiri akuonerera, manja ali m'chiuno.

Anachotsa mwala uja, anakweza zitsulo za bedi chimodzichimodzi, matiresi pamwamba. Anakhoma holo, anaponya makiyi pakabowo ka makalata, nakankha.

Madzulo anabweza ngoloyo. Anaiimika pansi pa makwerero a kwa Mulgrew, anaika mwala kutayala, ndipo sanagogode.